Bambo Stafford Zacharia ndi Sitima Yopita Kuphiri

Pa Misa ya maliro a bambo Stafford Zacharia, tchalitchi chathu chaching'ono cha kwa Nthache chinadzaza mpaka ena anakhala panja, pansi pa mitengo ya manachesi imene malemuwo anabzala okha. Ambiri amene anabwera ankawadziwa ngati mkulu woimba belu. Achinyamata ankawadziwa ngati agogo aja anafuna kuimitsa sitima ya malasha ndi chitenje. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo m'kalata ino ya parishi tifotokoza zonse, chifukwa chikhulupiriro cha munthuyu sichingamveke bwino tikabisa nkhani ya sitimayo.

A Stafford anabadwira konkuno nthawi ya atsamunda, m'banja la alimi. Sukulu anangoilawa, poti mbuzi za amalume awo zinalibe woziweta. Koma katekisimu anamuloweza yense ali kubusa komweko, ndipo anabatizidwa asanamere ndevu. Belu la tchalitchi chathu masiku amenewo silinali belu kwenikweni. Chinali chitsulo cha gudumu la lole chopachika pa mtengo. Anayamba kuchimenya ali mnyamata chifukwa panalibe wina wofuna kudzuka m'mawa, ndipo sanachisiye mpaka manja atayamba kunjenjemera.

Ife a kuno, tisanamizane, sitidziwika ndi kufulumira. Mapemphero amene talengeza kuti ayamba m'mawa amayamba dzuwa litafika pamutu. A Stafford sankakalipira munthu pa zimenezi. Ankangoyang'ana amene afika, kaya ndi atatu, kaya ndi nkhalamba ziwiri ndi galu, n'kunena kuti, "Tiyeni tiyambe, ena atipeza." Ndipo ena ankatipezadi.

Anakwatira mayi Enelesi, mkazi wa mawu okweza ndiponso woimba bwino, n'kukakhala chikamwini kwa akaziwo. Kumeneko anabzala munda wa manachesi umene unalera banja lonse. Nkhondo itavuta ku Mozambique, anthu othawa atadzaza m'midzi yathu, a Stafford anapereka khitchini yawo kwa banja lina la ku Zobue limene sankalidziwa n'komwe, ndipo linakhala pamenepo mpaka mtendere utabwera. Mulungu anawapatsa ana anayi. Awiri anamwalira ali aang'ono. Anatsala Kinsley, amene anakapeza ntchito ku Limbe, ndi Deliwe, chitsirizira, amene ankatsata bambo ake paliponse. Akakhala m'munda, bamboyo ankasenda nachesi n'kumamupatsa mwanayo kagawo kamodzikamodzi, iye atakhala pa muzu, miyendo ili lendelende.

Dziko litangolowa m'ndale za zipani zambiri, Deliwe anauza makolo ake kuti akufuna kukhala sisitere. Osati wa kusukulu kapena wa kuchipatala, amene amabwera kumudzi pa tchuthi, koma wobindikira, wa ku nyumba ya mapemphero imene ili pamwamba pa phiri lina mbali ya ku Machinga, imene anthu amangoti Kuphiri. Amene walowa kumeneko satulukanso wamba. Abale ndiwo amapita kukamuona, ndipo amalankhula naye pa zenera la zitsulo. Mayi Enelesi analira sabata yathunthu. A Stafford anati, "Tsiku ndi tsiku ndakhala ndikuwauza Ambuye kuti atenge chimene akufuna pakhomo pano. Ine ndimayesa atenga mbuzi." Anamudalitsa mwanayo, ndipo anamuperekeza.

Mayesero aakulu anabwera patapita zaka zingapo, tsiku limene Deliwe ankachita malumbiro ake a muyaya n'kulandira dzina la Sisitere Annette. Makolowo anagona kwa Kinsley ku Limbe, m'mawa n'kukwera minibasi, dengu la manachesi lili pamiyendo. Atafika pokhota pena m'mapiri a ku Machinga, tayala linaphulika. Mayi Enelesi anafera pomwepo. A Stafford, amene anakhala nawo mpando umodzi, anatuluka ndi phewa lothyoka ndi nthiti zingapo. Kuphiri kuja Misa inachitika, sisitere watsopano akuyang'ana benchi ya makolo ake ili yopanda munthu, ndipo uthenga anaumva nyimbo yotsekera itatha. Akuluakulu ake anamulola kubwera kumaliro, koma bambo ake anali gone m'chipatala. Motero bambo ndi mwana sanaonane.

Galimoto imene inabweretsa a Stafford kuchokera kuchipatala inali yomaliza kuikwera. Akafunsidwa ankangoti, "Ndinalumbira." Ife tinamva ngati ndi nsembe imene apereka chifukwa cha mzimu wa akazi awo, ndipo tinawalemekeza nazo kwambiri. Ku boma ankapita pa njinga, manachesi ali pakaliyala. Kumene njinga singafike, iwo sankafikako. Abale a malemu akazi awo, m'malo mowasudzula kuti abwerere kwawo monga mwa mwambo, anati akhale, mudziwu ndi wawo. Amene analimbikira kwambiri zimenezi anali mayi Liness, mng'ono wa mayi Enelesi, amene ankati, "Akachoka alamuwa ndizikangana ndi ndani?"

Zaka zinapita zambiri chotero. A Stafford anali msungichuma wa limana, kagulu kathu ka akhristu a m'mudzi, ankayendera odwala, ankakumba nawo manda ngakhale msana utayamba kudandaula. Chaka chilichonse manachesi oyamba ankawatumiza Kuphiri kudzera kwa ansembe, ndipo moni ankabwera kudzera kwa ansembe omwewo. Chimene chinkawatonthoza n'chakuti mikate ya Misa ya parishi yathu imaphikidwa ndi asisitere a Kuphiri. Akalandira Ukaristia ankakhalitsa chogwada kuposa aliyense. Tsiku lina anauza katekisiti kuti, "Ine ndiye wodala. Ndimalandira Ambuye, komanso ndimadya chimene mwana wanga waphika." Koma mwanayo ankamusowa, ndipo msinkhu unkapita. Ankaopa kufa asanamuone.

Kenaka kunabwera njanji. Makina anadula mapiri, anthu a zipewa zolimba anadzaza m'misika, ndipo mzere wa njanjiyo unadya kumunsi kwa munda wa a Stafford pamodzi ndi mitengo ina yabwino kwambiri. Anzawo ankadandaula, iwo anapita kukafunsa mmodzi wa ogwira ntchitowo kuti njanjiyi ikupita kuti. Anawayankha kuti ikupita ku Nkaya, kenaka ku Liwonde, n'kupitirira mpaka kumalire a ku Nayuchi. A Stafford anavula chipewa. Ankadziwa kuti njanji ya ku Nayuchi imadutsa m'tsinde mwenimweni mwa phiri la mwana wawo. Madzulo amenewo anauza a Liness kuti, "Alamu, Mulungu wandimangira msewu wopanda matayala, kuyambira m'munda mwanga mpaka pakhomo pa Deliwe."

Sitima zitayamba kuyenda, anayamba kukonza ulendo. Sanaukonze mwachibwana. Kwa miyezi ankakhala pa chulu cha kumunda n'kumaonerera. Anaona kuti m'mawa imadutsa ina yolowera kum'mawa, yolemera, ndipo dzuwa likapendeka imadutsa ina yobwerera, yopepuka. Basi nkhani inatha: apita ndi ya m'mawa, abwera ndi ya madzulo, mbuzi sizigona panja. Anasankha Loweruka la mwezi wa Juni, manachesi atapsa bwino. Anauza limana, ndipo nkhalamba zinzawo zingapo zinati nazonso zipita, zikaone kumene mikate ya Misa imachokera. Anagawana zochita. Wina aphika mbatata, wina atenga madzi, amayi a kwaya akonza nyimbo zoimba m'njira.

Achinyamata anayesa kuwauza kuti sitimazi n'za malasha okhaokha. A Stafford anawamvetsera mwaulemu, poti sankadula munthu mawu, koma anali ndi yankho. Ali mnyamata anaonapo sitima ku Limbe, ndipo inali ndi mabogi a katundu kutsogolo, a anthu kumbuyo. "Nanga minibasi imaima popanda woiimika?" anafunsa. "Sitimayi siinaimepo kuno chifukwa palibe amene anaiimikapo. Ndani anayesa?" Panalibedi amene anayesa. Bambo Mfumu, wansembe wathu, akanatha kuwaletsa, koma mwezi umenewo anali ku msonkhano wa ansembe, ndipo a Liness, amene ankadziwa bwino kuti ulendowu sutheka, anaona nkhope ya alamu awo ikuwala koyamba chimwalirire mkulu wawo, n'kungowasiya.

Loweruka lija anasonkhana pa njira yodutsa njanji, chapatali ndithu, poti a Stafford sankafuna kuti wina avulale. Amayi anavala mabulauzi oyera a ku tchalitchi. A Stafford anavala malaya oyera ndi jekete imene anakwatira nayo. Chitenje cha chithunzi cha Amayi Maria anachimanga kunsonga ya nsungwi. Sitima itamveka kuseri kwa phiri anayambitsa Tikuoneni Maria, ndipo itatulukira anakweza nsungwi ija n'kumaigwedeza ndi mphamvu zawo zonse. Woyendetsa analiza hutala, anawabayibitsa ndi dzanja mwansangala, n'kupitirira. A Stafford anati asadandaule, mabogi a anthu ali kumbuyo. Anadikira. Mabogi ankangobwera, akuda okhaokha, ambirimbiri, mpaka lomaliza linadutsa lilinso la malasha. Phokoso litatha, anthu anayang'anana. Mabulauzi onse anali atada ndi fumbi.

Mayi wina anayamba kuseka, ena n'kutsatira, mpaka misozi. A Stafford nawonso anamwetulira, anapepesa aliyense, n'kunena kuti mbatata zisaonongeke, adyere pomwepo. Koma anthu atabalalika sanapite kunyumba. Anakakhala pa chulu chawo chija, dengu lili pambali, ndipo a Liness anawapeza pomwepo akulira ngati mwana.

"Alamu, pukutani maso, ndili ndi mawu," anatero a Liness, n'kukhala pansi. "Ndawasunga nthawi yaitali, lero andilemera. Mukukumbuka chaka chija ndinapita Kuphiri ndi amayi a ku boma?"

"Ndikukumbuka. Munati ali bwino, wanenepa."

"Wanenepadi. Koma titatsala awiri anandifunsa kuti, 'Amayi aang'ono, kodi ababa akadandikwiyirabe?' Ine ndinati, kukwiya chifukwa chani? Akuti, 'Amayi anafera pa ulendo wobwera kwa ine. Chichitikireni zimenezo ababa sanapondeko kuno. Ndikudziwa kuti safuna kundiona.' Ndinamukanira, koma sanandikhulupirire. Amayesa ndikungomutonthoza."

A Stafford anatembenuka n'kuwayang'ana. "Zaka zonsezi mwana wanga akuganiza zimenezo?"

"Nanga aganize chani? Manachesi mumatumiza, eya. Manachesi amayankhula?"

"Bwanji simunandiuze?"

"Munati munalumbira kwa Mulungu. Ine ndine ndani kuti ndilimbane ndi Mulungu? Koma lero ndaona munthu wamkulu akuimika sitima ndi chitenje, ndiye ndati iyayi, apa zafika."

Bambo Mfumu atabwera, a Stafford anapalasa njinga mpaka ku parishi. Zimene analankhula pakhonde tsiku limenelo anadzazifotokoza okha ku limana, n'chifukwa chake tikuzilemba. Wansembeyo anayamba kufotokoza kuti lumbiro lochitidwa munthu ali pa chisoni Mpingo ungathe kulimasula. Iwo anapukusa mutu. "Bambo, palibe choti mumasule. Sindinalumbire kanthu. Ndimaopa basi. Ndikangomva fungo la m'galimoto ndimaona manachesi ali mbwee pa tala. Ndinachita manyazi kunena kuti ndine wamantha, ndiye manthawo ndinawaveka malaya a ku tchalitchi, anthu n'kumanditamanda nawo." Bambo Mfumu anati akhoza kuimba foni Kuphiri kuti alankhule ndi mwanayo pompo. A Stafford anakana. Anati nkhani yotere siinenedwa munthu osamuona m'maso.

Choncho ulendo unakonzedwanso, ulendo uno ndi anthu odziwa. Sitima ya anthu iliko, Bambo Mfumu anatero, koma imanyamukira ku Limbe, ndipo imaima pa kasiteshoni ka m'tsinde mwa phiri lija. Ikanawapulumutsa ku msewu wa ku Machinga umene ankauopa koposa. Koma kuchoka ku Mwanza kukafika ku Limbe kunalibe njira ina, koma msewu. Asisitere anavomera tsiku, n'kuchenjeza kuti alendo amaonedwa mpaka belu la mapemphero a madzulo. Likalira, zenera limatsekedwa.

A Liness akuti sadzaiwala minibasi imeneyo. A Stafford anaima pakhomo pake nthawi yaitali mpaka kondakitala anati, "Madala, mukukwera kapena mukuyeza?" Anachita chizindikiro cha mtanda n'kulowa. Anakhala pakati, maso ali chitsinzinire, korona kudzanja lamanja, lamanzere litagwira mkono wa alamu awo mwakuti zala zinasiya zizindikiro. Thukuta linanyowetsa jekete m'nyengo yozizira. Galimoto ikagunda kadzenje ankafuula dzina la Yesu, mpaka mayi wina wa kumbuyo anayamba kuyankha korona limodzi nawo, kenaka enanso. Powoloka Shire pa Zalewa theka la minibasi linali likupemphera, ndi a mipingo ina omwe. Atatsika ku Blantyre a Stafford anakhala pansi pa msewu pomwepo. Kinsley atafika kudzawatenga anawapeza akuseka okha. "Ndafika, mwana wanga," anatero. "Sindinafe."

M'mawa mwake anakwera sitima ku Limbe, ndipo kumeneko ndiye anali munthu wina. Anakhala pa zenera ngati mwana wa sukulu. Anacheza ndi amayi a matumba a tomato, anagula nzimbe pa siteshoni ina, anadabwa ndi milambe ya m'chigwa. Atafika pa Nkaya, pamene njanji ya kwathu imakumana ndi ya ku Limbe, anaona sitima ya malasha itaima phee pambali, ikudikira. Anatulutsa mutu pa zenera n'kuiloza ndi chala. "Taonani alamu! Ndiye kuti umatha kuima, eti? Kwathu kuja unkatani?" Bogi lonse linafuna kumva nkhaniyo, ndipo a Liness anaifotokoza mosasiyako kanthu.

Koma sitima sithamanga, ndipo imaima paliponse pamene pali anthu. Pamene ankatsika pa kasiteshoni kaja dzuwa linali litapendeka kale, ndipo nyumba ya asisitere inkaoneka kutali pamwamba, yoyera pakati pa mitengo. Njira yake inali ya miyendo, yokwera yokhayokha. A Liness anasenza dengu. A Stafford anayamba bwino, koma pakati pa phiri mpweya unayamba kuwathera. Ankayenda pang'ono n'kutsamira mwala, kuyenda pang'ono n'kutsamiranso, khutu lili ku belu. Mantha amene anali nawo tsopano anaposa a m'minibasi. Anauza alamu awo kuti atsogole, akanene kuti akubwera, asatseke. A Liness anakana kuwasiya. "Tafika limodzi mpaka pano, ndikakusiyani mukagwa ndikamuuza chani mwanayo? Gwirani mpango wangawu, ndikukokani." Anafika pachipata chotero, wina akukoka mnzake, belu lisanalire.

Anawalowetsa m'kachipinda kopanda kanthu koma mipando iwiri ndi mtanda. Kukhoma kunali zenera la zitsulo zopingasa, kuseri kwake nsalu. Nsaluyo itakokedwa, a Stafford anagwira mpando. Iwo ankayembekeza kamtsikana kaja anakaperekeza. Amene anaima kuseri kwa zitsulo anali mayi wamkulu, ndipo nkhope yake inali ya Enelesi yeniyeni.

"Sisitere," anayamba motero, "mwaswera bwanji?"

Sisitereyo anagwada pansi. "Ababa, ndine Deliwe. Mundikhululukire. Mukanapanda kunyamuka chifukwa cha ine tsiku lija, bwenzi amayi alipo."

"Dzuka. Iwe Deliwe, dzuka, ndikuone bwino." Anayandikira mpaka chipumi chinagunda chitsulo. "Tayala lija unaliphulitsa ndiwe? Tamvera. Ine sindinakukwiyirepo ngakhale tsiku limodzi. Chimene chinandiletsa kubwera ndi mantha. Bambo ako amaopa galimoto, nkhani yake ndi yomweyo. Ndinanamiza mudzi wonse kuti ndinalumbira, osadziwa kuti bodza langalo likukudya iwe kuno. Wopepesa ndine."

"Mantha basi?" anafunsa mwanayo, ngati sanamve bwino.

"Mantha basi. Afunse amayi ako aang'onowa, mkono wawo ukadali wotupa."

A Liness anaonetsa mkonowo. Sisitere Annette anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, kulira kwa munthu amene watula katundu amene anamusenza zaka zambiri. Bambo ake anamusiya alire. Atatonthola anamuuza chimene panalibe wina akanamuuza, poti m'minibasi muja munalibe wina wa kwathu. "Amayi ako tsiku lija anadzuka kusanache, anasita chitenje kawiri. Manachesi anasankha okha, anga ankati ndi aang'ono. M'galimoto anauza aliyense kuti mwana wawo akukwatiwa ndi Yesu lero, ndipo anayambitsa nyimbo. Anapita nyimbo ili pakamwa, Deliwe. Sindinawaonepo atakondwa ngati m'mawa umene uja. Chimenecho unawapatsa ndiwe."

Dengu linalowa pa kakhomo kolandirira katundu. Koma a Stafford anasungako nachesi mmodzi. Anamusenda ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, n'kuyamba kupatsira mwana wawo kagawo kamodzikamodzi pakati pa zitsulo. Iye ankalandira ndi manja awiri n'kumadya. Belu linalira atatsala ndi kagawo kamodzi, ndipo mkulu wa asisitere, amene anabwera kudzatseka nsalu, anaona zimene zinkachitika n'kuima pambali mpaka nako katadyedwa.

Atatuluka panja, a Stafford anafunsa mlonda kuti sitima yobwerera idutsa nthawi yanji. Mlondayo anadabwa. Anati sitima ya anthu ikapita kumalire sibwerera tsiku lomwelo, ndipo alendo aamuna sagona Kuphiri. Onse amene anakonza ulendowu ankaganiza zowafikitsa, zobwerera aliyense ankayesa kuti mnzake wafunsa. Mwayi unalipo umodzi: a Aubrey, dalaivala wa asisitere, ankanyamuka nthawi yomweyo kukasiya makatoni a mikate ya Misa ku Blantyre. Njira yake inali ya msewu wa ku Machinga. A Liness anayang'ana alamu awo, mtima uli m'mwamba. A Stafford anayang'ana kagalimotoko, anayang'ananso khoma limene kuseri kwake asisitere anali atayamba kuimba, n'kunena kuti, "Tiyeni."

Anakhala kutsogolo, katoni imodzi ili pamiyendo, maso ali otsegula. Atayandikira pokhota paja anapazindikira ndi mwala waukulu wa m'mbali mwa msewu, ndipo anapempha a Aubrey kuti aime. Anatsika atatu onse. Panalibe chizindikiro chilichonse, udzu wokha ndi mbuzi za eni ake zikudya. Anavula chipewa, anapempherera mzimu wa akazi awo, kenaka analankhula nawo ngati ali pomwepo. "Enelesi, ulendo uja ndakamaliza. Manachesi afika. Mwana ali bwino, wafanana ndi iwe." Anabwerera m'galimoto, ndipo asanafike ku Zomba anali atagona tulo, mkonono uli pakamwa, manja atakumbatira katoni ija. A Liness akuti apa ndi pamene iwonso anapuma bwino koyamba chinyamukire ku Mwanza.

Atabwerera kumudzi a Stafford anaimirira pa msonkhano wa limana n'kufotokoza zonse, osadzikometsera. Anapempha kuti asamawatamandenso ndi lumbiro limene kunalibe. Ena anakhumudwa pang'ono, poti tinkakonda kunyadira kuti tili ndi munthu wotere. Koma m'masabata otsatira, bambo wina amene anali asanalankhule ndi mchimwene wake chigawanireni munda anapita kukagogoda pakhomo pake, ndipo mayi wina anakwera basi kukaona mwana wake amene anamuthamangitsa atatenga mimba. Onse awiri anati anachita manyazi ndi a Stafford.

Kuphiri a Stafford anapitakonso chaka chotsatira, pa minibasi ndi pa sitima, ndipo korona anachitira kuthokoza, osati mantha. Sitima ya malasha ikamadutsa kumunda ankaivulira chipewa, ati ndi imene inawatsegula maso. Chaka chinacho mtima unayamba kufooka. Belu analisiyira ena, kenaka njinga, kenaka munda. Sanadandaule. Analandira sakramenti la odwala ali ndi nzeru zawo zonse, ndipo Ukaristia womaliza anaulandira akumwetulira, poti ankadziwa manja amene anauphika.

Tsiku lomaliza, masana, a limana anagwirizana zodzachita korona pakhomo pawo. Monga mwa chizolowezi chathu, nthawi itakwana anali atafika anthu atatu okha: a Liness, Kinsley ndi katekisiti. Anakhala m'mbali mwa mphasa n'kumayang'ana kunjira, akunong'onezana kuti adikire pang'ono. Onse ankayesa kuti wodwalayo ali m'tulo. Koma a Stafford anatsegula maso, anawayang'ana mmodzimmodzi, n'kunena ndi mawu otsika koma omveka bwino, "Tiyeni tiyambe, ena atipeza."

Anayamba. Pamene enawo ankafika, a Stafford anali atatsogola.

Mzimu wawo uuse mu mtendere.